Lata Limene Ndinasiya pa Setilaiti

Senderani kuno, ana inu, kokani njerwa mukhalepo. Wokayika anyamule chigubu akaime pa mzere wa madzi, atisiye ife.

Chaka chija wailesi inalengeza kuti mayiko asonkherana ndalama, aponya kumwamba makina otchedwa setilaiti oti azijambula dziko lonse, minda, mitsinje, ngakhale Kanyama yathu ino, ine mtima unangoti myuu! Bafa lathu mukulidziwa, ndi la masaka, lopanda denga, ndipo nthawi imeneyo ndinali nditangofunsira amake Tisa, mayi wa kwaya wogulitsa vitumbuwa. Akanaona chithunzi cha timiyendo tangati tili ndi thovu, ukwati ukanathera pomwepo.

Ndiye mphepo ya Ogasiti itafika, ndinakwera padenga, n'kuchotsa miyala yotsindira malata, n'kukhala pa lata limodzi, kamvuluvulu n'kundinyamula, kudutsa Chawama, kudutsa mitambo, mpaka Matero yonse inaoneka ngati nthanga za dzungu, ndipo kumeneko kunazizira kotero kuti nditayetsemula, chimfine chinauma n'kugwa ngati matalala ku Marapodi. Mukumva?

Setilaiti ija ndinaipeza ikubwera, chidiso chake ngati beseni. Ndinaigwira phiko, n'kuipatsa moni m'Chinyanja, yangoti duu, m'Chibemba, duu, pajatu eni ake ndi ambiri, siidziwa woti imuyankhe. Basi ndinasuzumira ndekha m'diso lija, ndipo ndinaona bafa langa bwinobwino, ndi sopo yemwe ndinaiwala pamwala! Pomwepo ndinavula lamba, n'kumangirira lata lija mbali yoyang'ana kwathu, thalauza nditaigwira ndi mano.

Potsika ndinalumpha ndithu, n'kugwera m'minibasi ya ku Matero kudzera pawindo. Kondakitala sanadabwe n'komwe. Anangoti, "Ba mudala, senderani uko, mpando uwo ngwa anthu anayi!"

Mukuseka? Amake Tisa si awo akukazinga vitumbuwa pakhomo panga? Chithunzi changa cha m'bafa munachionapo pa foni iliyonse? Ndiye umboni wake umenewo.

Koma chonde, adzukulu anga, nkhaniyi kauzeni anzanu, makamaka ba landilodi. Mpaka lero amaloza chibowo chili padengapo n'kumanena kuti lata lawo ndinagulitsa n'kumwera chibuku. Muwauze mwaulemu kuti likugwira ntchito ya mayiko.