Mwana Wanga Si Mlendo

Mpaka lero ndikamadutsa pachipatala china ku Kwekwe ndimatsitsa chipewa, chifukwa alonda a pageti akandiona amayamba kukodolana. Koma musathamangire kundimvera chisoni. Manyazi ndinachita, inde, koma ndinachitira mwana wanga.

Ine ndinabadwira ku Torwood, kufupi ndi Kwekwe. Agogo ndi amene anachoka ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito kumigodi, ndipo ku Malawiko ine sindinapondeko. Komabe chitupa changa choyamba chinatuluka ndi chilembo cha A, kutanthauza kuti ndine mlendo m'dziko lomwe munagwera mchombo wanga. Pamene ndinkafunsira Rudo, mtsikana wachishona wa ku Shurugwi, amalume ake anafunsa pagulu ngati anthu a mtundu wathu tili ndi chiwongo n'komwe. Ndiye mumvetse kuti mawu oti mlendo amandiyabwa ngati chitedze.

Rudo ali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, akusikelo anatiyeza magazi tonse awiri. Tsiku lokamva zotsatira anapita yekha, poti ine ndinali pansi pa kompuresa ya anyamata okumba golide (ndine makaniko, osati wamasewera). Pobwera anandiuza kuti anesi akuti asilikali a m'thupi mwake angathe kuona magazi a mwana ngati mutorwa, chifukwa mwanayo mwina watengera magazi anga, ndiye pakufunika jakisoni.

Mutorwa pa Chishona ndi munthu wakunja, wobwera. Ndinalanda kapepala kamene ananyamula, ndipo pafupi ndi dzina langa ndinaona A ndi kamtanda. A yemwe uja! Ndinavutika pamizere kuti achoke pachitupa, lero wanditsata mpaka m'mitsempha. Ndinalamula pomwepo kuti mkazi wanga sabayidwa jakisoni wotsuka Chimalawi m'mwana wanga.

"Baba, hamuna kunzwisisa," anatero Rudo, kutanthauza kuti sindinamvetse. Ndinamuyankha kuti ndamvetsa kuposa iye, poti amene anakulira m'chipongwe chimenechi ndine.

M'mawa mwake Rudo analawira kuti akupita kumsika. Ine ndinavala suti ya paukwati (jekete silinkamanganso, koma ulemu wake unalipo), ndinatenga chitupa chatsopano, n'kukwera kombi. Njira yonse ndinkayeserera mawu chapansipansi, mpaka mayi amene anakhala pafupi nane anakokera chikwama chake pachifuwa.

Ndinapeza amayi oyembekezera atadzaza mabenchi, nesi wamkulu akuwaphunzitsa za kadyedwe. Sindinadikire. Ndinakweza chitupa m'mwamba n'kuyamba pa Chishona, ndinalowa m'Chingerezi, ndipo mkwiyo utafika pakhosi Chichewa chinatuluka chokha. Ndinanena za agogo amene anasiya mapapo awo mumgodi. Ndinanena kuti zitsulo za njanji ya dziko lino anazisungunula ndi bambo anga. Ndinamaliza ndi kufunsa kuti ndani amene akutchula mwana wosabadwa kuti mlendo. Kunena zoona ndinalankhula bwino, moti mayi wina anayamba kuwomba m'manja, koma anasiya ataona alonda akulowa.

Nesiyo anawabweza alondawo ndi dzanja. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato, kenako anati m'Chichewa chosalala kuposa changa: "Mwamaliza, achimwene? Ife kwathu n'ku Ntcheu."

Apa m'pamene ndinawerenga dzina pachifuwa pawo. Anali Mayi Banda.

Anandikhazika pabenchi pakati pa mimba ziwiri n'kundifunsa ntchito yanga. Nditawauza, anafotokoza kuti magazi si madzi ofiira chabe, muli timaselo tambirimbiri, ndipo pamwamba pa kaselo kalikonse pali tizizindikiro totuluka ngati mitu ya maboti. Asilikali a m'thupi amapanga timapuloteni togwira ngati masipanala, sipanala iliyonse ndi boti lake. Ikakwana pa boti lomwe thupilo silikulidziwa, imakakamira, ndipo kaseloko kamaonongedwa. A uja ndi mtundu chabe wa magazi, ngakhale Ashona ali naye. Nkhani inali pa kamtanda, chizindikiro chimene ine ndili nacho koma Rudo alibe.

"Magazi a mwana akadontha pang'ono m'magazi a mayi, makamaka pobereka, asilikali amapanga sipanala ya boti limenelo, ndipo saiwala," anatero. "Woyambayu mwina apulumuka. Koma wachiwiri adzawapeza akumudikira. Jakisoniyu amachotsa timaselo ta mwana tolowerera tija asilikali asanatizindikire."

Ine amene ndinabwera kudzateteza mwana wanga, ndinali nditatsala pang'ono kupereka mng'ono wake kwa adani ndi manja anga. Ndinadzuka kuti ndithamangire kumsika kukatenga Rudo.

Sindinapite patali. Pabenchi la kumbuyo mayi wina amene anadziphimba nsalu kumutu nthawi yonseyi anavundukula nkhope, ndipo anali iyeyo, atabayitsa kale. Amayi onse anaphulika kuseka, mpaka Mayi Banda anawachenjeza kuti ena angachire tsiku lisanakwane.

Potuluka anesiwo anawonjezera kuti kamtandako anthu ambiri ali nako, osowa ndi a magazi ngati a Rudo. Mawu amenewa ndinawasunga bwino, ndipo pa mwambo wina wa ku Shurugwi ndinawauza amalume aja mwaulemu wonse kuti malinga ndi achipatala, wachilendo m'nyumba mwathu ndi Rudo, mwana wa mlongo wawo. Rudo akuti pamenepa m'pamene anadziwa kuti sindidzasintha.

Woyamba anabadwa wamwamuna, ndi kamtanda kanga, ndipo jakisoni wachiwiri ndinakamukumbutsa Rudo ndine, mwana asanayamwe n'komwe. Patapita zaka kunabwera mtsikana, wamphamvu, wolira ngati sairini ya pamgodi, nayenso wa kamtanda. Azakhali ake anabwera ndi mayina ambiri achishona, onse okoma, koma ine ndinakana.

Tinamutcha Talandira, chifukwa thupi la mayi ake linamulandira osamufunsa chitupa.