Kampata ka Kumanzere kwa Mlatho

Alipo anthu ena pa Malomo amene mpaka lero akandiona amayamba andizungulira kaye, kusuzumira kumbuyo kwanga, kenako moni. Sindiwaimba mlandu. Koma poti nkhaniyi aithira mchere wambiri, lekani ndiifotokoze ndekha mwini wake, ine amene sindinanamepo chibadwire (kupatula pamene pakufunikira).

Zinali zaka zija titangoyamba kuvotera zipani zambiri, aliyense atamasuka pakamwa. Wina ndale, wina mtengo wa feteleza. Ine ufulu wanga wolankhula ndinaupereka wonse ku magemu. Bambo anga anali tenanti pa esiteti ina cha ku Kasakula, ndipo sukulu itandikana, tsogolo langa linali m'chigafa basi: kusoka fodya, kupachika mikangala, zala zili bii ndi phula. Chondisiyanitsa ndi anzanga chinali chimodzi. Achemwali anga anakwatiwa ndi kalaliki wa ku parishi, ndipo mu ofesi ya alamu angawo munali kompyuta. Lamulungu Misa ikatha ndinkawasesera mu ofesimo, iwo n'kundilola kusewera gemu ya mpikisano wa magalimoto imene mzungu wina anaisiya m'menemo.

Gemu imeneyo ndinkaidziwa kuposa katekisimu. Ndinatulukiranso chinsinsi: usanakwere mlatho, kumanzere kunali mpanda wa matabwa wokhala ndi kampata. Ukakhotera pamenepo umadutsa m'munda wa eni ake, n'kutulukira kutsogolo kwa magalimoto onse. Ine pa mlatho sindinkadutsapo ayi. Mlatho unali wa anthu wamba.

Ndiye a Jailosi, venda wa fodya wa pa Malomo, anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi kanema komanso kabokosi ka magemu kolowetsa kaseti pamwamba, zonse zoyendera batire ya galimoto. Anaziika m'kachipinda kuseri kwa golosale yawo, achinyamata n'kudzazamo ngati nkhuku pa madeya. Nditasuzumira pakhomo ndinaona gemu yanga yomwe ija. Koma abale, anali ataivula. Mitengo ya m'mbali mwa msewu, imene pa kompyuta umachita kuona masamba ake, apa inali ngati zidina zobiriwira. Injini inkalira ngati udzudzu wodwala chimfine.

Sindinathe kuugwira mtima. Ndinawauza poyera kuti chimenecho ndi chidole. Ndinati pa kaseti alembapo kuti muli magemu mazanamazana, koma ukatsegula ndi gemu imodzimodziyo angoisintha malaya, uku galimoto yofiira, uko yachikasu. Ndinati opanga zinthuzi amatenga gemu yabwinobwino ya pa kompyuta n'kuidinda kuti ikwane m'kakaseti, ngati mmene mavenda amadindira belo: pamwamba fodya wabwino, pakati zitsotso zokhazokha. (Ndinaiwala kuti ndikulankhula m'nyumba ya venda.)

A Jailosi anandiyang'ana kuchokera kuphazi mpaka kumutu.

"Mphwanga, pakamwa pako m'pa liwiro. Tione ngati galimoto yako ithamange chimodzimodzi."

Anati akufuna munthu wokhala pakhomo ndi kuyang'anira makinawo, poti iwo misika ya fodya yawatangwanitsa. Ntchitoyo ankaifunanso Fanuwelo, mnzanga wokazinga chiwaya, amene chibwerere kabokosiko anali asanachokemo m'kachipindamo. Ndiye anagamula kuti Loweruka, tsiku la msika, tipikisane awiri. Wopambana, ntchito ndi yake. Wogonja azinyamula batire kukatchajitsa ku chigayo cha magetsi kuseri kwa phiri, mpaka fodya atatha pa msika.

Kwa ine ntchitoyo inali khomo lotulukira m'chigafa. Kukhala pa mthunzi, malaya oyera, zala zopanda phula. Ndinalumbira kuti ndiitenga ngakhale mvula igwe ya miyala.

Munthu wanzeru akanapita kukayeserako pa kabokosiko. Fanuwelo mwini wake anandiitana kuti aise, bwera udzagwireko. Ndinakana. Ndinati dalaivala wa lole saphunzirira pa wilibala. M'malo mwake ndinatenga thabwa, n'kujambulapo mabatani a kompyuta ndi khala, ndipo mpata ukapezeka m'chigafa ndinkaliika pa miyendo n'kumalidinadina, pakamwa ndikuliza injini. Bambo anandiona kangapo. Tsiku lina ndinangowamva akufunsa amayi ngati kwawo kuliko ena amene zinawayamba choncho.

Loweruka ndinabwereka njinga ya bambo ndi buluku la alamu, lakuda, la mzere wakuthwa woti n'kudulira tomato. Alamuwo ndinawauza kuti ndikukaonana ndi abwana za ntchito, zimene zinali zoona ndithu. Anandichenjeza kuti bulukulo linali la pa ukwati wawo, ndilibweze mawa Misa ikatha.

M'kachipinda munali thothotho, ena akusuzumira pa zenera. Atandipatsa kogwirira ka mabatani oyendetsera galimoto, kakang'ono ngati sopo, ndinakana kukafumbata ndi zala zazikulu ngati mwana. Ndinakagoneka pa mpando, n'kukamanga ndi malegeni a njinga, ine n'kugwada pansi, zala zonse m'mwamba ngati kalaliki. Anthu anaseka. Ndinawasiya, podziwa kuti mlatho ukubwera.

Kanema anagawika pakati, Fanuwelo m'mwamba, ine m'munsi. Tinanyamuka. Ndinagunda zidina zobiriwira zingapo, komabe ndinali pafupi naye. Mlatho utaonekera ndinakweza mawu kuti ndi a pa zenera omwe amve.

"Amalomo, tsegulani maso. Onani njira ya anthu ophunzira."

Ndinakhotera kumanzere. Gu! Galimoto inanjanja n'kuima.

Mpanda unalipo. Kampata panalibe.

Ndinati mwina ndafulumira kukhota. Ndinabwerera m'mbuyo, n'kulunjika patsogolo pang'ono. Gu! Ndinati mwina apa mpandawo umafuna kuuthyola ndi liwiro. Ndinabwerera kutali, n'kubwera ndi mphamvu zonse. Gu! Mayi wina wa pa zenera anafunsa ngati gemuyi ndi yogumula mipanda. Apo n'kuti Fanuwelo atafika kalekale, atayika kogwirira pansi, akutokosa m'mano.

Ndinaimirira n'kunena kuti chisankho sichinayende bwino, tibwereze. Masiku amenewo mawu amenewa aliyense ankawadziwa, ndiye anthu anakuwa kuvomereza, osati pondikonda koma kufuna kuonanso. A Jailosi analola. Fanuwelo anandinong'oneza kuti ndingowoloka mlatho, mwina n'kumupitirira poti iye pa kona yomaliza amaterereka. Ndinamuyankha kuti andisungire malangizowo, ndidzawafuna pokazinga mbatata.

Ulendo wachiwiri ndinaugunda mpandawo mwadongosolo, thabwa ndi thabwa, kuyambira koyambirira. Mumtima ndinkati opanga makasetiwa ngakhale akhale akuba chotani, sangachotse njira yonse, penapake anasiyako kachibowo. Fanuwelo anafika, anthu anamunyamula, anamutsitsa, ine ndikadali pa mpanda. Kenako chithunzi chinayamba kufota, m'mbali mukuda, galimoto yanga ikuchepa ngati nsabwe, mpaka kanema anati phethi.

"Batire waimaliza wekha," anatero a Jailosi. "Nyamuka dzuwa likadalipo. Ndipo uziyenda nayo ngati wanyamula mwana, ili ndi chivindikiro chimodzi chosweka."

Za chivindikirozo ndinazimva ndi khutu limodzi. Ndinaimanga pa kaliyala n'kuupalasa mokwiya. Amene mumaidziwa misewu ya kumapiri kwathu kuno mukudziwa kuti pokwera umakankha, potsika umapemphera. Pa miyala yonse ija batire inkangoti khuvukhuvu kumbuyo kwanga, ndipo ndinkamva kunyowa ndi kuyabwa pokhalira. Ndinati ndi thukuta la mkwiyo. Nditaisiya ku chigayo n'kufika kunyumba, ndinapukuta bulukulo ndi kansalu konyowa, n'kuliyanika. Linkaoneka bwinobwino, kungotuwa pang'ono.

Mawa lake ndinalivala kupita ku Misa, kuti anthu aone kuti ngakhale ndagonja sindinagwe. Linali tsiku la mphakati wathu kupereka zopereka, ndipo ine anandisenzetsa lichero la mtedza, manja onse awiri. Tinayenda pakati pa tchalitchi movina pang'onopang'ono, kwaya ikuimba. Nditafika kutsogolo ndinapinda bondo mwaulemu wonse.

Bulukulo silinalire n'komwe. Nsalu yodyedwa ndi asidi wa batire sing'ambika, imangotsanzika. Ndinangomva kamphepo kozizira ka m'mapiri kakundipatsa moni malo amene sikafikako. Kumbuyo konse kwa buluku kunatsala pansi tizidutswatizidutswa ngati phulusa la pepala, ndipo kabudula wa m'kati naye (anali wokalamba kale, ndivomere) anali atalawako. Mawu a amayi a kwaya anayamba kuthothoka mmodzimmodzi mpaka inatsala ng'oma yokha. Lichero sindikanaliponya, ndi chopereka. Kutembenuka sindikanatha, poti ndiye kulozetsa ku guwa. Ndinangoima chomwecho mpaka achemwali anathamanga n'kundikulunga chitenje, ine n'kutuluka ngati mkwatibwi, mtedza uli m'manja.

Alamu sanakalipe. Panja anayang'ana chitenjecho, anayang'ana miyendo iwiri ya buluku lawo ikulendewera m'munsi mwake, n'kunena motsitsa kuti kuyambira tsiku limenelo mu ofesi azisesa okha.

Ndiye ntchito inapita kwa Fanuwelo, kompyuta inanditsekera chitseko, m'mawa chigafa, masana batire. Phunziro lake ndinalitola: pa kaliyala ndinayamba kuyala thumba la feteleza, ndipo chivindikiro ndinachitseka ndi chitsononkho. Koma maganizo anga pa opanga makaseti sanasinthe ngakhale pang'ono. Munthu sungagulitse gemu ya dzina lomwelo, mlatho womwewo, mpanda womwewo, n'kuchotsamo kampata osauza anthu. Kumeneko ndi kuba.

Fanuwelo ali ndi mtima wabwino. Anakhazikitsa lamulo loti wobweretsa batire azisewera ulendo woyamba mwaulere. Ndinkafika thukuta lili kamukamu, n'kumanga kogwirira pa mpando, n'kugwada. Tsiku lina, fodya atatsala pang'ono kutha pa msika, anandigwira phewa galimoto yanga ikuyandikira malo aja.

"Aise, lero lokha. Tangowoloka uoneko tsidya, kuli nyumba zokongola."

Ndinamuuza kuti ndamva, ndipo ndinayamikira. Koma cha kumapeto kwa mpanda kunali thabwa limodzi looneka lotuwirapo kusiyana ndi anzake, ndipo limenelo ndinali ndisanaligunde cham'mbali.