Omvera a M'katoni

Lachinayi lija ndinali ndi zochapa za nyumba ziwiri, kugula matewera, kukatenga mwana wanga Nayeli kusukulu yamkaka, kenako kukakolopa ofesi ya dokotala wa mano kumpoto kwa tauni yathu ya Fresno. Zonsezi zimafuna galimoto. Galimotoyo ndi yanga, ndinaigula ndi ndalama za mopu, ndipo popanda iyo ntchito ndilibe.

Dzulo lake madzulo amuna anga a Rigo anakhala pakhonde ndi mowa wam'zitini, pamodzi ndi akulu awo a Efraín ndi mnzawo amene timamutcha Loya chifukwa m'khoti analowamo kangapo, ngakhale kuti nthawi zonse ankakhala mbali inayo. Ine ndinali pawindo, ndikutsuka mabotolo a mwana.

Alamu a Efraín ankaulutsa mawu pa kawailesi kena kakang'ono. Ankadzitcha Tambala, chikhalirecho pulogalamu yawo inkayamba masana. Abwana awo anali atanena kuti omvera akapanda kuchuluka, Tambala akalilira kwawo.

"Omvera sawawerenga mitu, amwene," anatero Loya. "Pali kampani imaika timabokosi m'magalimoto a anthu ochepa. Kabokosi kamamva wailesi imene watsegula n'kukaneneza kulikulu. Kamodzi kamaimira anthu masauzande."

"Ndiye?" anafunsa a Rigo.

"Ndiye kuofesi kwawo kuli katoni yodzaza. Tikaitenge, tiikweze galimoto, titsegule Tambala, tizingozungulira. Pofika Lolemba Fresno yonse ikumvera mdala uyu."

A Efraín anapukuta m'maso.

"Galimoto ya ndani?" ndinafunsa pawindo paja.

"Ndi nkhani za mpira izi, mayi a Nayeli," anatero amuna anga.

M'mawa, ndikuyanika zovala kuseri, ndinamva injini yanga ikutuluka.

Zotsatirazi ndinazimva kwa a Rigo ndiponso kukhoti, ndipo mbali ziwirizi zinagwirizana. Anafika paofesi ija nthawi ya nkhomaliro, mayi wogwira ntchito pamenepo atapita kukadya. Loya analimbana ndi chitseko chakumbuyo ndi chitsulo mpaka malaya kunyowa. A Rigo atagwira chogwirira, chitseko chinatseguka. Sichinali chokiya.

Katoni anaikhazika pampando wa Nayeli n'kuimanga malamba onse, poti Loya anati zinthu za sayansi sizifuna kugwedezeka. M'katimo timagetsi tobiriwira tinkaphethira.

"Waona? Timabokosi tatchera khutu," anatero Loya. "Tsegula Tambala."

Tambala anali akufotokoza za bondo lake. Analiyamba kuchokera chaka chimene linayamba kuwawa. Atafika pa dokotala wachiwiri anaimba kanyimbo kamodzi, n'kukadula pakati chifukwa anakumbukira za dokotala woyamba. Kenako anawerenga moni wa omvera, ndipo moni yense anali wochokera kwa apongozi anga.

Loya anatsitsa galasi. Anakwezanso.

"Aise, mkulu wakoyu amalankhula chonchi tsiku lililonse?"

"Kaya," anatero a Rigo. "Sindinamumverepo."

Anapirira mpaka Tambala anasamukira ku bondo linalo. Apo Loya anatambasula dzanja.

"Pang'ono pokha, tipume. Timabokositi sitizindikira."

Anasinthira ku wailesi ina yaikulu imene inkalanda omvera a Tambala. Kunali nyimbo za cumbia. A Rigo akuti Loya ankavina ndi mapewa okha, ndipo za kubwerera palibe anazitchula. Kenako woulutsa analengeza kuti ali pa malo ena omwetsera mafuta, ndipo magalimoto oyamba kufika awathirira thanki yonse ulele. Galimoto yangayo inali itayatsa kale kagetsi ka mafuta. Mafuta ndimathira Lachisanu.

"Dilu iwiri tsiku limodzi," anatero Loya. "Ponda, mani."

Nthawi imeneyo ine ndinali m'basi, ndowa pakati pa miyendo, mopu paphewa, Nayeli pamiyendo, nditachedwa kale. Dalaivala anali atatsegula wailesi yomweyo, ngati wina aliyense.

"Tili ndi wopambana wina pano," anatero woulutsa. "Dzina ndani, bambo?"

"Rigoberto Valdivia."

"Adadi," anatero Nayeli.

"Khala chete, mama."

"Wailesi yanu yapamtima ndi iti, a Rigoberto?"

Anaitchula bwinobwino, mpaka kuimba kanyimbo kake.

"Alipo amene mukufuna kumupatsa moni?"

"Akulu anga a Efraín. Panopa ali pantchito."

"Nanga kumbuyoko, pampando wa mwana, mwanyamula ndani?"

Asanayankhe kunamveka mawu ena, osakhala a woulutsa koma a wapolisi: "Bambo, zimitsani injini, manja pachiwongolero." Chapatali tinamva Loya akufunsa ngati mafuta aja akadali aulele. Basi yonse inaseka. Ine ndinakonza chipewa cha mwana.

Kukhoti munthu wa kampani ija anafotokoza kuti timabokosi sitineneza wailesi yokha, timanenezanso pamene tili. Iwo anangokhala pakompyuta n'kumaona katoni yawo ikuzungulira tauni. Anawonjezera kuti kabokosi kosalembetsedwa kwa munthu sikawerengedwa n'komwe. Loya anagwedeza mutu ngati ankadziwa kale.

Zimene zinapita ndi izi. Alamu ntchito inatha, ndipo chimene sanakhululukire mng'ono wawo si kuba ayi, koma kanyimbo ka wailesi inayo kaja. A Rigo amatola zinyalala m'mbali mwa msewu waukulu ngati chilango, atavala chovala cha lalanje. Loya ali mkati. Dokotala wa mano anapeza wokolopa wina, wagalimoto. Mpando wa Nayeli akuti ndi umboni. Galimoto nayonso ndi umboni. Ili kuseri kwa mpanda wa apolisi, ndipo basi ya kusukulu yamkaka imadutsa pomwepo, ndiye ndimaiona m'mawa uliwonse. Chiigulireni, aka n'koyamba kukhala ndi thanki yodzaza.