Kankhanu ndi Alendo Amene Ndinakana Kuwatsekera

Sekani, Che Daudi, sekani ndithu mpaka tiyi akutulukireni m'mphuno, koma amene akuti si ine ndinadzaza Kankhanu m'Mangochi muno aike kapu pansi, aimirire, andiyang'ane m'maso. Palibe? Ndiye khalani chete. Nkhaniyi mwaiputa nokha pondipempha foni kuti muone zigoli za dzulo poti yanu yathima, ndipo musanaigwire mumva kaye kumene yadutsa. Lero aliyense, wa kabaza, wogulitsa usipa, ngakhale inu a telala amene foni mumaigwira ngati mbale ya moto, akafuna kulowa pa intaneti amadina kachizindikiro kofiira kaja ka timanja tambirimbiri, koma palibe amene amafunsa kuti kanafalikira bwanji. Kanafalikira ndi ine, Amidu wa ku Monkey Bay, ndipo walahi ngati ndikunama ndevu izi zithothoke muli kuona.

Dzina lake lenileni musandifunse, ndi la Chingerezi, limandiluma lilime. Ine ndinakatcha Kankhanu poona chithunzi chake, dzinalo n'kukakamira. Ophunzira amati ndi bulawuza. Mwana wanga Asiyatu, uja amagulitsa zitenje ku Chiponde, ndi amene anandiikira m'foni, inde, kuika anaika ndi iye, koma kuika n'chiyani? Anandimasulira kuti bulawuza ndi bwato lolowera pa intaneti, ndipo mabwatowo alipo angapo, si lokhalo lija umalipeza kale m'foni pogula. Ine ndinasokonezeka pomwepo ndipo mpaka lero sindinawongoke: ngati ili ndi bwato, nanga madzi ake ali kuti, m'fonimu kapena m'mwamba? Nanga bwato likhala bwanji m'thumba la munthu, munthuyo alinso m'bwatomo? Iye anangoti, “Ababa, ingodinani apa basi.”

Bwato lakale lija mukulikumbukira? Ndinkadina ndili ku Monkey Bay kuti ndione ngati mphepo ya mwera ikubwera, kachinthu kodikiritsa kaja ka pagalasi n'kuyamba kuzungulira, ine n'kukwera minibasi, kutsika pa Boma, kuswali ku mzikiti, kumetetsa, kubwerera, mwera n'kubwera wokha, kugwetsa mathandala athu oyanikapo nsomba, kupita, kachinthu kaja kakuzungulirabe, ndipo tsiku limene tsamba linatseguka panatulukira mayi wachizungu wotsatsa nsapato ataima pakhomo penipeni, ukamukankhira uku akutulukira uko, bandulo yonse n'kuthera pa nsapato zimene sindinazipondepo. Mukumva? Koma Kankhanu! Tsiku loyamba lomwelo kanawapana otsatsa malonda onse aja n'kuwataya kunja, moti m'mawa mwake posesa pabwalo ndinapeza nsapato zitatu, mafuta oyeretsa khungu ndi theka la galimoto zili mbwee pamchenga, ndipo liwiro lake, abale anga, unkati ukungoganiza zodina tsamba latseguka kale, tsiku lina kanandionetsa mvula ya Lachinayi lili Lachiwiri, ine n'kuanula usipa wanga anzanga akundiseka, Lachinayi n'kunyowa okha. Bandulo ya sabata imodzi inakhala mwezi wathunthu, kenaka inaswa ana.

Ku Katuli, kumene netiweki anthu amaisaka ataima pamwamba pa chulu, ine ndinangoika foni pansi, Kankhanu n'kuyamba kuyenda cham'mbali, kudutsa m'munda wa chinangwa, kuwoloka malire, kukatenga netiweki ya ku Mozambiki n'kubwera nayo itakulungidwa m'masamba a nthochi, ikadali yofunda. Munalipo, Che Daudi? Simunalipo. Nanga mutuwo mukupukusiranji?

Tsono apa ndi pamene zinandisokonekera. Linali Lachisanu, kapena Loweruka, ayi, Lachisanu, chifukwa ndinali nditavala mkanjo woyera. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango nditachoka ku mzikiti. Kankhanu kali ndi khutu, umangokalankhula osavutika kulemba, ndiye ndinati ndikayese, n'kunena kuti “usipa pa thandala,” kenaka chala changa chachikuluchi chinaterereka, kudina apa, kudina apo, sindikudziwa kangati, mwadzidzidzi pagalasi panatulukira Abiti Sani. Akazi anga. Ena inu simuwadziwa, anatisiya zaka zinayi zapitazo. Anaima pa thandala lathu lomwe lija, atavala chitenje chobiriwira chimene ndinawagulira ine, dzanja limodzi lili mu usipa, lina akubisa pakamwa chifukwa akuseka. Mlendo wina wodzaona nyanja ayenera kuti anawajambula kalekale n'kukawaika pa tsamba lake. Mayi amenewo moyo wawo wonse ankathawa kamera, m'nyumba mwanga mulibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi, ndipo nkhope yawo inali itayamba kundithawa m'mutu, ndikati ndiwakumbukire kumangobwera chitenje chokha. Ndinalira, sindikubisa.

Ndili mkati mowayang'ana foni inalira, ndinayankha, pobwerera ndinadina china chake, pamwamba pawo n'kubwera tsamba la mpira. Pakona powerengera masamba otsegula panalembedwa 2. Ndinazindikira kuti alimobe, angobisika kuseri, koma njira yobwerera kuseriko sindinaidziwe. Ndinadina kachizindikiro kowonjezera poyesa kuti ndi chitseko cha kuchipinda, kunabwera tsamba lina, pakona 3. Panalinso ka X, kamene ndinamva kuti n'kotsekera, ndipo ndinadzifunsa kuti ukatseka, amene ali mkatimo amapita kuti? Nanga ndikalakwitsa n'kutsekera iwowo kunja, ndiwataye kachiwiri? Komanso inu mukudziwa mmene tinaleredwera kuno, munthu akalowa pakhomo ndi salamu timamuyalira mkeka, amachoka yekha atatsanzika, ndiye ine ndani kuti ndimenyetse chitseko pamaso pa anthu amene abwera okha m'foni mwanga? Ndinalumbira kuti sinditseka ngakhale tsamba limodzi mpaka nditawapeza. Asiyatu sindinamuuze. Ndikanayambira pati, bambo wa ndevu zoyera, kumuuza mwana kuti amayi ako ndawataya m'foni?

Tsiku ndi tsiku ndinkatsegula masamba atsopano kuwafunafuna, ndipo aliyense wotulukira ndinkamupatsa salamu n'kumusiya akhale, osewera mpira, azungu ophika zinthu zopanda dzina, mbusa wa ngamila ndi ngamila yake, dokotala wa mano, gulu lonse la oimba a ku Kongo ndi ng'oma zawo, mpaka manambala a pakona aja anatha, Kankhanu n'kusiya kuwerenga, kumangondimwetulira. Foni inayamba kulemera. Poyamba inang'amba thumba la mkanjo, kenaka ndinkainyamula pa dengu, kenaka pa wilibala, tsiku lina nditaiika m'bwato, bwato la matabwa lenileni ndikunena, osati lija la intaneti, kapena onse awiri, kaya, linatitimira mpaka madzi kufika m'milomo mwake, utaka ukulowa wokha osaponya khoka, ndipo kutentha kwa foniyo, ha, ndinkayanika usipa pamsana pake nthawi ya mvula, mayi wa tiyi awa ankawiritsirapo ketulo, afunseni, ali pompano. Mukumva? Mkatimo alendo ankakangana, oimba akuimba, ngamila ikulira, dokotala akuboola dzino la wosewera mpira, ine n'kumaika khutu pagalasi kuti mwina ndimva kuseka kwa Abiti Sani. Sindinamve.

Ndiye ndinaganiza kuti mwina atuluka chifukwa cha phokosolo, pakuti phokoso ankadana nalo, ndipo asamukira m'Kankhanu ka munthu wina. Musandifunse ngati zimatheka, ine ndinaona kuti nkhanu zonse za m'nyanja zimayenderana. Apa ndi pamene ndinayamba ntchito imene mukudyerera lero. Aliyense wa foni amene ndinkakumana naye, pamsika, pa depoti, pakhomo la mzikiti, ndinkamugwira mkono: ikamo Kankhanu, sikadya bandulo, sikachedwa, kamathamangitsa a nsapato, ikamo pompano ndikuona. Akaika, ine n'kusuzumira pagalasi lake, osawapeza, n'kupita kwa wina. Iwo ankayesa ndikuwachitira chifundo, ena mpaka kundithokoza ndi nkhuku. Ndinayenda kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Katuli, kenaka zinafika poti sindinkachitanso kulankhula, ndikangodutsa ndi wilibala yanga mafoni ankakatenga okha ngati chimfine, wailesi ya m'minibasi inakatenga, tochi ya mlonda inakatenga, mvuu ina inavuuka pafupi ndi mlatho kudzandifunsa ngati madzi akwera chaka chino, ndipo makina anu osokera, Che Daudi, anafulumira mpaka kusoka mkanjo wa munthu amene anali asanabwere kudzayezetsa. Mukukana? Nanga mkanjo uja munaupachika pakhonde mwezi wonse unali wa yani?

Patatha miyezi itatu ndinafika ku Chiponde dzuwa lili paliwombo, wapansi, chifukwa a njinga zamoto onse anakana kundikweza, ati matayala aphulika. Nditafika pa benchi la zitenje la Asiyatu, iye anainyamula foni ija ndi manja awiri n'kuigwetsera pa nsalu, zala akuziuzira.

“Ababa, mwaichita chiyani foniyi?”

Ndisanatsegule pakamwa anadina katsache kali cha m'munsi, kamene ine masiku onsewa ndinkayesa n'kokongoletsa. Kamodzi kokha. Psiti! Onse anapita, oimba, ngamila, dokotala, popanda ndi mmodzi yemwe wotsanzika, foni n'kupepuka mpaka kunyamuka yokha, tinachita kuikola ndi chitenje isanaulukire ku Mozambiki. Pagalasi panali mbee.

Ndinakhala pansi pafumbi pakati pa msika, ndipo ndinamukalipira mwana wanga mawu amene sindingawabwereze pano, ndinati wapitikitsa amayi ake ngati mbuzi yolowa m'munda. Anandiyang'ana ngati munthu wozungulira mutu.

“Amayi? Amayi ake ati, Ababa?”

Ndinamuuza zonse, thandala, chitenje chobiriwira, dzanja la pakamwa. Anadina timadontho titatu ta pamwamba, anatsegula pamene Kankhanu kamasunga paliponse pamene munthu wapondapo, analemba kuti “usipa,” n'kunditembenuzira foni. Ntchentche imene inatera pa bondo langa inali isanauluke. Abiti Sani anali pomwepo, akuseka, dzanja lili pakamwa. Asiyatu anakhala pansi pafumbi pambali panga foni ili m'manja, ogula anabwera, anaima, anabwerera, iye osadzutsa mutu. Pomaliza anapukuta m'maso ndi chitenje chatsopano chogulitsa, anandifunsa chifukwa chimene sindinamuuzire tsiku lomwelo. Kenaka anadina kanyenyezi, ati tsopano ngakhale nditseke amayi sangasowenso.

Ndiye mwamva nokha. Amene anadzaza Kankhanu m'boma lonse la Mangochi ndi ine, ndipo wotsutsa abwere tionane. Koma poti mukuti ndikuonetseni podina kuti zigoli zituluke, Che Daudi, ndikuuzeni zoona pamaso pa anthu onsewa: sindikudziwa. Sindinadziwepo chiyambire. Miyezi itatu ndinakankha wilibala kufunafuna munthu amene anali kuseri kwa timadontho titatu, ndipo ngati mundifunsa timadonthoto tili mbali iti, ndiyamba ndaimbira ku Chiponde. Za kanyenyezi zija sindizikhulupirira kwenikweni. Chichokereni tsiku limenelo sindinatsegulepo tsamba lina, pakona pamangolembedwa 1, ndipo ngati Kankhanu kakuthamangabe masiku ano, funsani amene ndinawaikitsa. Chotsani dzanja lanu la mafuta a mandasilo. Pemphani foni ya wina, muno muli Abiti Sani, ndipo mpira sankaukonda.