Geti Lofunsa Kaye Kutsidya la Nyanja

Lolemba
Geti latsopano laikidwa! Lotsegula ndi foni. Wogulitsa ali ndi mitundu iwiri: lina nzeru zake zimakhala m'kabokosi pakhomo pomwepa, lina limayamba lafunsa makompyuta a kampani kutsidya la nyanja. Ine lakutsidya basi. Mkazi wanga akuti, "Geti lanu, chilolezo kwa eni?" Nsanje chabe. Loweruka apongozi aakazi akubwera kuchokera ku Chipangali. Chikwatirireni amandiona ngati wosatha kanthu. Adzaone.

Lachiwiri
Ndikulitsegula ndi kulitseka ndili kuntchito, kuonetsa anzanga. Galu wathawa. Kakhomo ka pambali ndakawotcheretsa, kakunyozetsa geti lamakono. Kakiyi kotsegulira pamanja kapita kudzala pamodzi ndi katoni.

Lachitatu
Netiweki ikuvuta. Ndaima pageti langa lomwe, foni m'mwamba. Uthenga ukawoloke nyanja, ukabwerere, pomwe geti lili pamphuno pangapa. Ana achedwa kusukulu.

Lachinayi
Kampani ikufuna dzina, tsiku lobadwa, chithunzi cha nkhope. Ndapereka zonse. Kani ikusunganso nthawi imene ndimafika kuchokera kumowa! Mkazi wanga mwadzidzidzi walikonda geti.

Lachisanu
Akuti makompyuta awo akukonzedwa, tipirire. Geti lili duu. Tonse tikutulukira pamwamba pa mpanda, makwerero kuno, makwerero uko. Wowotcherera ali kumaliro ku Madzimoyo.

Loweruka
Apongozi afika ndi thumba la mtedza ndi nkhuku yamoyo. Ine ndi iwo timaopana monga mwa mwambo: sitiyang'anana, mawu timadutsitsa mwa mkazi wanga, tikakumana panjira ndimapatukira patchire. Lero mkazi wanga wagwira makwerero a mkati, a kunja palibe wina, ndine. Akukwera. Chitenje chikukodwa. Aima pakatikati, ndipo kwa nthawi yoyamba akundilankhula ine mwini: "Akamwini, tsekani maso." Ndatseka. Manyazi andigwira.

Lamulungu
Geti taligwetsa ndi nyundo, lagona pansi. Mbuzi za aneba zikudya repu wanga, sindikuzithamangitsa. Foni yalira: makompyuta akonzedwa, geti ndi lokhoma, banja lanu ndi lotetezeka. Apongozi aponda pageti lomwelo potuluka, osacheuka. Uthenga asiyira mkazi wanga, monga kale. Akuti adzabweranso ndikadzapeza nyumba yangayanga, yosapemphera chilolezo kwa eni akutsidya.