Kabati ya Galasi ndi Kiyi Wake Woyendayenda

Kwa Bwana Wosunga Kiyi wa Mankhwala,
ku Boma, Fort Jameson.
18 Novembala 1958

Bwana wolemekezeka,

Ndikudziwa kuti masiku ano kalata yochokera kwa munthu wakumudzi wodziwa kulemba imakudumphitsani mtima, poganiza kuti ndi zandale. Mtima m'malo. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, mlimi wa thonje ndi mtedza, ndipo ndalemba kuti ndithokoze basi.

Choyamba, zikomo chifukwa cha kabati ya mankhwala angozi imene boma la Chitaganya latumiza ku kachipatala kathu. Ndi yokongola, chitseko chake ndi chagalasi. Kale tinkafa osawaona n'komwe mankhwala amene akanatichiritsa. Tsopano timawaona.

Chachiwiri, zikomo poikhoma kabatiyo ndi kulamula kuti kiyi aziyenda ndi adokotala, amene amafika kuno Lachiwiri loyamba la mwezi. Poti maso simunawakhome, ndinakopera maina a timabotolo kudzera pagalasi, ndipo a Alfonsi, amene amatsuka mabala pachipatalapo, anandiuza ntchito zake. Mundilole ndikufotokozereni, popeza ntchito zambiri mwina sizikupatsani mpata wowerenga zimene mumatumiza.

Muli adirenalini. Munthu akalumidwa ndi njuchi mmero n'kutupa, kapena mphumu ikam'tseka pachifuwa, jakisoni ameneyu amatsegula njira ya mpweya. Amafunika mwamsanga, mwana wotumidwa kuchitsime asanabwerere. Muli kwinini wa jakisoni, wa munthu amene malungo amukomola moti sangameze mbulu wa mankhwala. Mulinso mankhwala olimbana ndi ululu wa njoka. Pansi penipeni pali egometirini, amene amalimbitsa chiberekero mayi akamataya magazi ochuluka atachira.

Chachitatu, ndikuulula kuti olakwa ndife. Dongosolo lanu ndi labwino, koma njuchi zakuno n'zosaphunzira. Ndinaphunzitsa ana masiku a sabata zaka makumi atatu, koma njuchi sizinabwerepo kusukulu. Mwezi watha zinaluma a Lazarus, mnansi wanga, Lachinayi. Tinawanyamulira kuchipatala nkhope ili ngati dzungu, tinawakhazika patsogolo pa kabati, iwo n'kumawayang'ana mankhwalawo ndi diso limodzi limene linali lisanatsekeke. Kenaka tinawakweza pangolo, mailosi khumi ndi asanu mpaka kutauni. Anapulumuka, ndipo tawadzudzula kwambiri. Alonjeza kuti ulendo wina adzalumidwa pa tsiku loyenera. Za mphiri ndiye musakambe: nyengo yopalira yafika, ndipo palibe n'imodzi yomwe imene yabwera kudzafunsa tsiku.

Chachinayi, zikomo potiteteza kwa a Alfonsi. Munthuyu anabaya jakisoni asilikali ambirimbiri kunkhondo ya ku Burma, zipolopolo zikulira, ndipo azungu amene anawabaya sanafunse kalata ya sukulu. Koma mwaganiza bwino kuti manja amene anakwanira pa asilikali a Mfumu angachite ngozi pa alimi a thonje. Mwawasiyira mchere wotsegula m'mimba ndi mankhwala opaka a buluu. Amayesetsa nazo ndithu. Wodwala aliyense amachoka kuno atapakidwa bwino, moti ngakhale atafera m'njira, kutauni amadziwa kuti anadzera kuchipatala.

Tsono, Bwana, ndili ndi kankhani kakang'ono, kosayenera nthawi yanu. Mwana wanga Dolika ali ndi pakati, ndipo azamba akuti adzachira mu Januwale. Pa mwana woyamba anataya magazi kufikira milomo inayera, ndipo anamupulumutsa ndi jakisoni wonga uja wa pansi m'kabati, chifukwa nthawiyo anali pafupi ndi chipatala chachikulu. Chaka chino ali kuno. Mu Januwale mtsinje wathu umadzaza, ndipo ngolo siwoloka, ngakhale galimoto ya adokotala. Ndakhala naye pansi Dolika n'kumulongosolera dongosolo lonse. Ndi mwana womvera, wavomera. Wovuta ndi mdzukulu ali m'mimbayo: ndalankhula naye mokweza, m'Chinyanja ndi m'Chingerezi, koma yankho lake n'kukankha ndi phazi.

Sindingayerekeze kupempha kuti kiyi asiyidwe ndi a Alfonsi. Ndine yani ine? Anthu anzeru a kulikulu ku Salisbury analiganizira lamuloli ali pamipando yabwino, ndipo ayenera kuti ankadziwa chimene ankachita. Chimene ndikupempha n'chakuti mudzaliyese nokha, poti ngakhale wophika amalawa ndiwo asanapereke kwa alendo.

Bwerani mvula isanatseke njira, kiyi ali m'thumba mwanu. Mudzagona kwathu, nyumba siidontha kwambiri. Tsiku la Dolika likadzafika, tidzakhala awiri pabenchi la pakhonde la chipatala, monga amachitira amuna, tikumva zonse zochitika m'katimo. Ine sindidzanena kanthu, sindidzakuyang'anani n'komwe. Azamba akadzatuluka kudzaitanitsa nsalu zina, kachiwiri ndi kachitatu, inu mudzangoyesa kukhala phee, dzanja lili pathumba, kudikira Lachiwiri.

Mukadzakwanitsa, Bwana, ndidzalemba kalata ina yopepesa.

Ine mtumiki wanu wodzichepetsa,
Wilbroad Sakala,
bambo wake wa Dolika