Tiya ndi Sewero la Bambo Ake

Lolemba

Nkhani yabwino! Bambo a Tiya apatsidwa mbali yaikulu m'sewero la Loweruka ku holo ya tchalitchi. Zaka zonsezi m'gulu la zisudzo ntchito yawo yakhala yotuta mabenchi pa kabaza, ndipo akakwera pa siteji ndiye kuti ndi mtembo kapena wapolisi wosalankhula. Tsopano ndi mwamuna wa kuno ku Balaka amene wabisa mkazi wachiwiri ku Ntaja. Akuyenda m'nyumba muno ngati nduna.

Akufuna Tiya akawaone. Tiya wazaka zinayi, amene amalira nkhuku ikamaphedwa! Che Jafali, mkulu wa gulu, anena poyera: mwana wa wosewera akasokoneza, bambo ake abwerera kukakhala mtembo. Akuti chaka chatha mwana wina anathamangira pa siteji kukalanditsa bambo ake akumangidwa, sewero n'kuthera pomwepo.

Chigamulo andisiyira ine. Zoti ndimuphunzitse:
- kukhala phee pa benchi
- kupita kuchimbudzi tisananyamuke
- kudziwa kuti za pa siteji n'zongoyerekeza

Ine ndimaphunzitsa ana a eni katekisimu. Wangayu andikanike?

Lachiwiri

Phunziro loyamba. Tiya pa mkeka, chitenje pa chingwe choyanikira zovala. Bambo ake akutulukira kuseri akudzandira ngati oledzera, n'kugwa chagada. Tiya wakuwa, liwiro kwa mayi Asiyatu oyandikana nafe: "Bambo amwalira!"

Mayi Asiyatu akufika atayamba kale kulira kuchokera pa mpanda. Ndipo bambo a Tiya sakudzuka! Chizolowezi cha mtembo. Ndikuwagwedeza, iwo kunong'ona: "Iyayi, wosewera sadzuka asanamuombere m'manja." Ndaomba ndekha, mayi Asiyatu akundiyang'ana ngati ndapenga.

Chigamulo: sapita.

Lachitatu

Tikubwereza. Agwa, adzuka, agwa, adzuka, mpaka chigongono chasupuka. Nthawi iliyonse ndikumuuza Tiya kukhutu: "Ndi sewero chabe." Wamva! Akuseka mpaka kugubuduzika pa mkeka, akulamula kuti agwenso. Mwana wanga ndi wanzeru, watengera kuchikazi.

Chigamulo: apita. Ndachapa diresi yake yachikasu.

Lachinayi

Wamva mopitirira muyeso. Zimene zasanduka "sewero chabe" lero:
- kapu yanga ya tiyi, zidutswa zokhazokha
- mdzukulu wa mayi Asiyatu, wolumidwa pamkono
- sopo, ali m'ndowa ya madzi akumwa

Ndikumukalipira, iye akundiombera m'manja. "Amayi, mukutha!" Ndafuna kuseka, ndathawira kukhitchini.

M'chipwirikiti chimenechi ndathira mchere kawiri mu nandolo. Bambo a Tiya akudya phee, nthongo iliyonse akuitsatiza ndi madzi. Ndawafunsa ngati ndiwo zili bwino. "Zili bwino, mayi a Tiya." Amaliza mbale yonse. Mwamuna wabwino ndinapeza ine.

Chigamulo: sapita. Angakalume munthu ku holo.

Lachisanu

Anyamata a gulu abwera kudzabwereka katundu wa sewero, monga amachitira pakhomo pa wosewera aliyense. Zapita: jagi, beseni losambira m'manja, mbale yanga yamaluwa, chitenje changa chatsopano. Ndafunsa kuti chitenjecho avala ndani. Akuti Esinati, ndiye mkazi wa ku Ntaja. Esinati wa pa saluni uja, wa mano oyera mbee. Chabwino. Ndi sewero chabe.

Ndapempha bambo a Tiya andionetse pepala la mawu awo. Aseka. "Pepala lanji? Che Jafali amangotiuza poyambira ndi pothera. Zapakatizo zimabwera zokha."

Tiya wavala diresi yachikasu kuyambira m'mawa. Wakhala phee pa mtondo wovundikira, manja pa maondo, akuti akuphunzira benchi. Bambo ake aima pakhomo akumuyang'ana, misozi ili lengelenge. Ndagonja.

Chigamulo: apita, koma tikhala pafupi ndi khomo, pothawira.

Loweruka

Holo yadzaza thothotho. Pafupi ndi khomo palibe malo. "Banja la wosewera kutsogolo!" Atikhazika pa benchi yoyamba, mphuno pa siteji. Kuchimbudzi tapita kale. Zitumbuwa zili m'thumba, zotsekera pakamwa.

Bambo ake atulukira. Tiya wandigwira dzanja, wanong'ona kuti "Awo bambo," basi, wakhala phee. Anthu akuseka, ena akukuwa "Wabodza iwe!" monga mwa nthawi zonse. Ndikunyada, ndisaname. Mwamuna wanga akutha! Zaka zonse zija amangowononga luso pa mkeka wa maliro.

Kenako Esinati. Chitenje changa. Wagwada, akuwasambitsa m'manja ndi jagi yanga. Ndikupuma pang'onopang'ono. Ndi sewero chabe. Akudya m'mbale yanga yamaluwa. Anyambita chala, atembenukira kwa anthu:

"Izi ndiye ndiwo! Wa ku Balaka uja nandolo amathira mchere kawiri, ndimachita kukankhira ndi madzi."

Sindikudziwa kuti ndaimirira nthawi yanji. Ndangomva mawu anga akudzaza holo: "Bodza! Munamaliza mbale yonse inu! Munati zili bwino!"

Holo yonse kufa nako kuseka. Azimayi nthungululu. Bambo a Tiya angoti kakasi, chala chili m'malere. Esinati wabisa nkhope m'chitenje changa, mapewa akugwedezeka. Che Jafali agwira mutu ndi manja onse awiri.

Ndiye wina akundikoka diresi. Kamawu kakang'ono, koma komveka mpaka benchi yakumbuyo:

"Amayi, khalani pansi. Ndi sewero chabe."

Ndakhala.

Lamulungu

Ku Misa aliyense akundipatsa moni womwetulira kwambiri. Mayi wina wa kwaya wandifunsa ngati mchere watsika mtengo. Ndayankha ndi Amen.

Masana Che Jafali abwera pa njinga kudzabweza jagi. Bambo a Tiya atuwa, akudikira kubwezeredwa pa mkeka wa mtembo. Koma iyayi. Che Jafali akuti lamulo linkanena za mwana, ndipo mwana sanalakwe kanthu. Mbali ndi yawobe, Loweruka likubwerali akasewera ku Ntaja, ndipo Tiya amusungira malo kutsogolo. Bambo ake amunyamula m'mwamba, onse awiri akukuwa mpaka nkhuku zathawa. Inenso ndasangalala, zoonadi.

Za ine Che Jafali angotsokomola, n'kuyang'ana matayala a njinga. Wayankha ndi Tiya: "Amayi atsale ndi mayi Asiyatu. Sanazolowere."

Ndaphika nandolo. Mchere ndauika pambali m'kambale, aliyense azithira yekha.

Chigamulo: mwana ndi wokonzeka. Mayi ake ayesenso chaka chamawa.